Kamtanda Kamene Ndinajambula ndi Wanja

Anatijambulira timitanda titatu. Ndikuti anatijambulira ngakhale thupi linali la amuna anga, chifukwa ntchito yotisamala inagwera ine. Kamodzi kunsi kwa mchombo, kena pachiuno cha kumanja, kena pachiuno cha kumanzere, ta inki ya buluu, tosaposa chikhadabo cha kachala kakang'ono. Pamwamba pake anamatapo pulasitala yoonekera mkati. Ndalemba ndi kufufuta kangapo poyambira nkhaniyi, koma kulikonse kumene ndayambira ndikumabwerera pa timitanda timeneti, ndiye ndingoyambira pomwepo.

Amuna anga anali msodzi, wokoka ukonde wa chilimira wa eni ake kugombe la kwathu, mbali ya Lungwena. Ine ndinkayanika usipa pathandala ndi amayi anga, ndipo tinkakhala pamudzi pa amayiwo monga timachitira kwathu. Matenda anawagwira pamalo posatchulika pagulu, mkati mwa njira ya chimbudzi. Magaziwo ine ndinawaona kalekale, ndili ndi pakati pa miyezi isanu, pochapa makabudula awo kunyanja. Ndinayamba kuchapira pandekha, kutali ndi anzanga, manja nditawabisa m'madzi. Nditauza amayi anga, anati, "Likodzo limenelo, msodzi wake uti alibe? Ndipo iwe, za m'kabudula wa mwamuna sazifunsa. Ukufuna akuthawe uli ndi mimba?"

Ndinatseka pakamwa. Amuna anga anamwa mapiritsi a likodzo, osandiuza, ndinangopeza kapepala kake m'thumba. Kenako wina anawauza kuti ndi nthenda ya mudzi, anayamba kukhalira m'beseni la makungwa owiritsa kuseri kwa bafa. Ine ndinkawiritsa madziwo osafunsa kuti ndi a chiyani, iwo ankalandira osanena kuti ndi a chiyani. Mvula inagwa, mwana wathu wamkazi anabadwa, mvula inatha, mwana anayamba kukhala, anayamba kukwawa. Mpaka tsiku lina amuna anga anakomoka ali pachingwe cha chilimira, anzawo anabwera nawo atawagwirizira panjinga. Kuchipatala cha kuboma anadula kanyama, anakatumiza, yankho linabwera loti ndi khansa, ndipo anatipatsa kalata ya ku Lilongwe.

Kumeneko ndi kumene ndinawaonera adokotala aja koyamba. Mayi wachikulire, wamfupi, imvi zosabisa, nsapato yawo ya kumanzere itatha chidendene mbali imodzi. Ndimaona zinthu zotere ine ndikachita mantha, maso anga sakhazikika. Namwino anatinong'oneza tili pabenchi kuti mayiwa ntchito yawo yonse yathera pa nthenda imodzi yomweyi. Anakaiphunzira kunja kumene kunali makina ake, anabwerera kuno makinawo kulibe, ndipo zaka zambiri ankangolemba makalata oti odwala adikire ulendo wa kunja. Tsopano makina analipo, ndiye ankafufuza ngati kuwotcha chotupa masiku asanu okha, kenako opaleshoni, kungathandize anthu a kutali ngati ife, amene sitingathe kukhalitsa mumzinda.

Adokotalawo anatijambulira papepala, paipi ndi kachulu mkati mwake. Anati makinawo amatumiza kuwala kosaoneka, kodutsa khungu osaliboola, kukaphwetsa kachuluko kuti a mpeni adzathe kukachotsa. Pepala lovomera kulowa m'kafukufuku ndinawerenga ndine, mokweza, chifukwa ndinafika Sitandade 7 pomwe amuna anga ankawerenga Chiarabu cha kumadarasa chokha. Anadinda chala. Kenako adokotala anatsegula fayilo.

"Magazi munayamba kuwaona liti, bambo?"

"Miyezi itatu yapitayi," anatero amuna anga, akuyang'ana khoma.

Mwana anali kubere, wa miyezi isanu ndi inayi. Adokotala ananditembenukira, cholembera chili m'mwamba, ngati munthu wokugwirira chitseko kuti ulowe. Sindinalowe. Mkazi angatsutse bwanji mwamuna wake pamaso pa alendo, pankhani ya malo amenewo? Ndinakonza chitenje. Analemba 3.

Mawa lake anawalowetsa m'chimakina chojambula m'thupi, ndipo potuluka anali ndi timitanda tija. Mnyamata wa yunifomu amene amayendetsa makinawo analankhula ndi ine, osati ndi iwo.

"Mayi, timitandati ndi maso a makina. Pitani kwanu, mubwere Lolemba pakatha masabata awiri, tikonze kaye mapu a m'thupi mwawo. Asakhule posamba, asalowe m'nyanja. Tikafufutika tingafunike kuyambiranso kujambula, ndipo mwauona nokha mzere uli panjapo."

Ndinauona. Unafika mpaka pamtengo wa panja, ena atagona pazitenje.

M'basi amuna anga anandigunda ndi chigongono. "Amake mwana, andibatiza katatu. Ashehe asamve." Sindinaseke. Ndinkayang'ana thukuta likutsika m'khosi mwawo, kulowa m'malaya, kulunjika komweko.

Unali Okutobala. Amene anakhalako kwathu mwezi umenewo akudziwa, mchenga umawotcha ngakhale uli ndi nkhwaira, mphepo osamveka n'komwe. Ndipo nthendayi siipatsa munthu mpata. Kuchimbudzi kasanu, kakhumi, nthawi zina osafikako, ndiye chipembedzo chathu n'cha madzi, munthu akachoka kumeneko ayenera kutawaza. Madzi amene amatiyeretsa ndiwo anali mdani wanga. Amuna anga ndinkawapukuta ndi kansalu konyowa, dzanja limodzi nditaphimba kamtanda ngati wophimba machesi pamphepo. Ndinawavula buluku chifukwa lamba ankakhula, ndinawaveka chitenje changa momasula. Iwo amvekere, "Basi, ukwati watembenuka. Pitani mukakoke chilimira, ine nditsale ndi mwana." M'mawa uliwonse ndinkawaimiritsa pakhomo pamene pali kuwala, kuwerenga, kamodzi, kawiri, katatu, ndiye ndipume. Tsiku lachinayi pulasitala ya kumanzere inayamba kupindika pakona. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza mwana atakwawira pamphasa, kachala kake kali pakona yomweyo, akukanda. Ndinamumenya padzanja. Kanali koyamba kumumenya chibadwire, ndipo analira mondiyang'ana ngati sakundidziwa.

Kumzikiti anasiya kupita. Swala imafuna thupi loyera ndi chovala choyera, ndipo iwo sankatha kukhala oyera ngakhale nthawi yoyenda kuchoka pakhomo kufika pamsewu. Lachisanu loyamba azana yoitanira anthu kuswala itamveka anatembenukira kukhoma, ine ndinachita ngati ndikusesa.

Lachisanu lachiwiri, kutatsala masiku atatu okha, linali tsiku la sikelo ya mwana. Ndinauza amayi anga kuti awayang'anire. Koma tsikulo usipa unatuluka wambiri, amayi anathamangira kuthandala usanawole, sindingawaimbe mlandu. Ndinabwerera dzuwa litapendeka pang'ono, ndinapeza mphasa yokhayokha, chitenje changa atachipinda bwinobwino pamwamba. Ndinatuluka, mwana ali kumbuyo, ndinawaona akubwera m'njira ya kumzikiti, atavala mkanjo woyera, akugwira mpanda wa anthu pang'onopang'ono, nkhope ikuwala ngati ya munthu wochira. Ndinaona mchenga wa kugombe m'mapazi mwawo.

"Abambo, mwasamba kuti?"

"Kunyanja."

"Abambo!"

"Ndinangomira kamodzi, amake mwana, kamodzi kokha. Ndinagwira ndithu. Koma timitanda titatu, manja ndili nawo awiri."

Ndinawakokera m'nyumba, ndinakweza mkanjo. Ka pamimba kanalipo. Ka kumanja kanalipo, katazilala. Kumanzere kunalibe pulasitala, kunalibe inki, ngakhale chithunzithunzi chake. Khungu lokha, loyera bwino, lonunkhira sopo.

Ndinakhala pansi. Iwo anati, mosakweza mawu, "Masabata awiri ndagona m'fungo langa, ndikumva anzanga akuitanidwa. Ngati ndikukalowa m'makina aja, ndilowe nditaswali ndi anthu. Usandiyang'ane choncho."

Pakhadi la kuchipatala panali nambala ya foni. Ndinaitenga foni, ndinalemba nambalayo mpaka kumapeto, chala chili pamwamba. M'makutu mwanga munkangomveka kuti tiyambiranso, tiyambiranso, ndi mzere uja wofika pamtengo, ndi amuna anga amene mafupa a m'chiuno anali atayamba kutuluka ngati nthiti za bwato lakale. "Usaimbe," anatero. Sindinganame kuti anandikakamiza. Ndinali nditaganiza kale.

Ndinatenga ulusi wosokera ukonde. Ndinawaimiritsa kukhoma, ndinayeza kuchoka pakamtanda ka pamimba kufika ka kumanja, ndinamanga mfundo, ndinatembenuzira ulusiwo kumanzere. Kutalika kwake kuchoka pansi ndinayeza ndi bango, ndinalemba ndi mpeni. Ndinaika kadontho ka makala. Kenako ndinakumbukira kuti kuchipatala anawajambula atagona, osati ataima. Ndinawagoneka chagada pamphasa, ndinayezanso ndi ulusi uja, ndipo kadontho kachiwiri kanagwera pena. Pakati pa timadontho tiwiriti pankalowa chala changa chimodzi. Ndinayezanso, ndinayezanso, mwana akulira panja, ulusi ukuterera ndi thukuta, ndipo nthawi iliyonse pankatuluka posiyana pang'ono. Pomaliza ndinasankha pakati. Sindinadziwe, ndinangosankha.

Cholembera m'nyumba munalibe. Ndinatulutsa wanja wanga, wopaka m'maso, amene ndinagula pa ukwati wathu, ndi kamtengo kake. Ndinajambula kamzere kotsika, kamzere kopingasa. Kanaoneka kakuda bii pamene tinzake tinali ta buluu, ndiye ndinamatula mapulasitala enawo, ndinadutsitsa wanja pa tiwiri tija kuti tonse tifanane, ndinamata ndi selotepi ya kugolosale. Amayi anga atabwera anasuzumira, fungo la usipa lili thupi lonse, anati, "Bola pamenepo. Wa kuchipatalayo naye ndi munthu, anangoloza ndi dzanja."

Lolemba tinali pakhomo la makina. Chitseko chake n'chochindikala ngati khoma, pamwamba pali kanyali kofiira, kakayaka palibe wolowa. Anawamwetsa madzi ambiri, anawaitana, ine ndinatsala pabenchi ndikudikira kuti wina atuluke, afunse kuti wachita izi ndani. Palibe anatuluka. Kanyali kanayaka, kanazima, amuna anga anatuluka akumanga chingwe cha buluku.

"Anena chiyani?"

"Anayang'ana, anaitana mnzake, analankhulana Chingerezi. Wina anaseka pang'ono. Basi."

Kuseri kwa wodi ndinawakweza malaya. Wanja anali atamupukuta, panali timitanda tatsopano ta buluu. Ndinati mumtima, atsanzira kamtanda kanga. Atenga kulakwitsa kwanga, akudindapo chidindo cha chipatala. Masiku asanu ndinakhala pabenchi ija, ndipo kanyali kakayaka ndinkaona m'maganizo kuwala kuja kukudutsa pambali pa chotupa, ngati chilimira choponyedwa pambali pa nsomba, amuna khumi kukoka ndi mphamvu zonse, kutulutsa madzi okhaokha. Adokotala anadutsa kawiri m'khonde, anandipatsa moni, anagwira tsaya la mwana. Ndinayankha kuti tili bwino.

Tinabwerera kwathu kukadikira opaleshoni. Kwa kanthawi magazi analeka. Anayamba kudya, kukhala pamthunzi kusoka maukonde a anzawo, kutukwanizana nawo za mpira. Ndinatsala pang'ono kukhulupirira kuti Allah wandibisira. Koma m'mawa wina, pakhomo pomwe ndinkawerengera timitanda, ndinaona kuti koyera kwa maso awo kwasanduka chikasu. Chithunzi cha opaleshoni isanachitike chinaonetsa kuti nthenda yafika kuchiwindi. Opaleshoni inalephereka. Anatipatsa mankhwala a madzimadzi oletsa ululu, okatenga kuboma botolo likatha. Anamwalira nthawi ya chimanga chachiwisi, masana, mutu uli pamwendo panga. Anawasambitsa amuna anzawo, ine sindinaone.

Ndinalowa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi ya mkazi wamasiye, osachoka pakhomo. Anthu ankabwera kudzapepesa, kunena kuti ndinawasamala amuna anga, kuti akazi ngati ine ndi ochepa. Akachoka ndinkatulutsa ulusi uja ndi mfundo yake, kuuzunguliza m'chiuno mwanga, kuyeza nditaima, kuyeza nditagona. Chala chimodzi. Amayi anga ankadziwa zonse koma sanatchulepo, ndipo kusatchula kwawoko kunkandiuza kuti nawonso akuganiza zomwezo.

A kafukufuku ankaimba foni nthawi ndi nthawi kufunsa za wodwala. Nditawauza za maliro anapepesa, anati adokotala amabwera kuchipatala cha kuboma kudzaona odwala awo a mbali ino, koma ine sindikufunika kuvutika. Eda itatha ndinavutika dala. Ndinamanga khadi, ulusi ndi wanja pakona ya chitenje, ndinabereka mwana, ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako galimoto. Ndinadikira odwala onse athe.

Nsapato zinali zomwe zija. Anandizindikira, anaimirira, anati, "Pepani, mayi, ndinamva." Ine ndinamasula kona ya chitenje, ndinaika zinthu zija patebulo pawo, ndipo mawu anatuluka osapuma, kuti analowa m'nyanja, kuti sindinaimbe foni, kuti ndinayeza ataima, ndinayeza atagona, ndinasankha pakati, kuti anyamata anu anatsanzira kanga, kuti ndinawapha ndine, adokotala, lembani m'buku mwanumo kuti makina anu sanalakwe, kuti musawaimbe mlandu makinawo, ndine.

Anavula magalasi. "Ndinu inu? Mayi a wanja?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Mwana wanga, wanja wanu tinamuona tsiku loyamba lomwe. Anandiitana kuti ndidzaone. Timitanda timatithandiza kumugoneka munthu, koma tisanayatse kuwala timajambula kaye chithunzi, timafananiza mafupa ake ndi mapu aja. Mafupa safufutika m'nyanja. Tinakonza, tinajambula tatsopano pamalo pake." Anatola ulusi uja, anaugwira pamfundo. "Ndi uwu? Anyamata anga anakangana tsiku lonse kuti munayeza ndi chiyani. Munaphonya pang'ono kwambiri. Kuwala kunafika pachotupa masiku onse asanu, zithunzi zake ndili nazo. Tinalakwa ife kusakuuzani. Sitinadziwe kuti mwasenza zimenezi."

Ndinadikira kuti chimwala chichoke pachifuwa. Ndinadikira ngati mmene umadikirira mwana kuti ageye. Sichinachoke, chinangosuntha.

"Ndiye chinawapha n'chiyani?"

"Nthendayo inali itayenda kale m'magazi. Timbewu take tinali tating'ono, tosaoneka pachithunzi choyamba."

"Kale liti?"

Anatsegula fayilo, ndipo ine ndinali mbali ina ya tebulo, pepala likuoneka chozondoka, koma 3 ndimamudziwa ngakhale atazondoka.

"Si itatu," ndinatero. "Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu. Ndinkachapa ndine. Tsiku munafunsa lija mwanayu anali ndi miyezi isanu ndi inayi."

Anawerenga ndi milomo, osatulutsa mawu. Sanadabwe, ndipo kusadabwako ndinakuona bwino. Anatenga cholembera, anaika kamzere kamodzi kutsogolo kwa 3 uja, anasanduka 13, anasaina pambali.

"Akanabwera nthawi imeneyo, akanachira?"

"Sindikunamizani kuti ndikudziwa. Ena obwera msanga ndawaona akuchira, akukalamba. Ena ayi." Anapukuta magalasi ndi mpendero wa malaya, nthawi yaitali. "Ndinayamba ntchitoyi inu musanabadwe. Zaka zonsezi ndaphunzira chinthu chimodzi, kulozetsa kuwala mosaphonya. Ndikutha tsopano, imvi zili mbuu. Koma tsiku limene munthu adzafike pakhomo panga, pamenepo ndilibe makina. Si inu nokha, mayi. Musadzipachike nazo."

Anapempha ulusi uja, ndinawapatsa. Sindikudziwa kuti anaufuniranji. Wanja ndinabwerera naye, ali pansi pa sutikesi, sindinapakenso.

Masabata awiri ndinalondera kamtanda usana wonse, ndinamenya mwana wanga, ndinakana madzi kwa munthu wofuna kuswali, ndipo zonsezo zinalibe kanthu. Pamene panali kanthu ndinali kunyanja, manja m'madzi, nditatembenukira anzanga msana. Amayi anga ndinawauza zimene adokotala ananena za mafupa. Anati alihamudulillahi, anapitiriza kutembenuza usipa. Za kamzere kaja sindinawauze.

Mwanayu tsopano akuyenda. Akachita chimbudzi ndimatenga kamtengo, ndimavundukula, ndimayang'ana, tsiku lililonse, mpaka wayamba kundibisalira kuseri kwa khola.

Mwezi wathawu ndinali kugombe ndi beseni langa. Ndinaona mtsikana wina, wokwatiwa chaka chatha, atapatukira kumiyala yekha, msana kwa ife, akuchapa kabudula manja osawatulutsa m'madzi. Ndinaima nthawi yaitali. Mwina kanali kabudula wakuda chabe. Ndinapitabe, ndinamupatsa moni, ndinagwada pafupi, ndinanong'ona, "Achemwali, pepani. Ngati mukuona magazi, musadikire. Amuna anu apite kuchipatala akawaone mkati."

Anandiyang'ana kuchokera kumapazi. "Za m'nyumba mwanga zikukukhudzani pati? Anuwo munapita nawo mpaka ku Lilongwe, ali kuti lero?"

Ananyamula beseni lake, anasunthira kumiyala ya kutsogolo, kumene madzi amafika m'mawondo, anaweramanso.